Nkhuku ya Mlendo Ikatha: Mafunso ndi Mayankho pa za Mmishonale Wobwerera Kumudzi

Tsiku lofika silivuta. Galimoto ikangosiya phula la msewu wa ku Mchinji n'kulowa m'fumbi, ana amayamba kuithamangira, amayi nthungululu kuti lululu, tambala amene ankasungidwira tsikuli n'kuona zakuda. Mwana wa pamudzi amene adapita kukatumikira Mulungu kunja zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo wafika, ndipo ulendo uno si wa tchuthi ayi, wabwereratu.

Zovuta zimayamba sabata yachitatu. Odzaona mlendo abalalika, thobwa latha, ndiwo zabwerera ku nkhwani wotendera. Wobwerayo amadzuka m'mawa osadziwa chogwira, eni mudzi nawonso osadziwa pomuika. M'munsimu tayankha mafunso amene mabanja ndi mipingo ya ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma ingakumane nawo nthawi yotere.

Kodi kuno kwathu kumachokeranso amishonale? Si ife timalandira?

Poyamba tinkalandiradi. Amishoni a Dutch Reformed Church adafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ku Malingunde mu 1907. Ansembe a White Fathers adatsegula Likuni kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 ndi Nambuma mu 1928, ndipo masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg adayambitsa chipatala cha St Gabriel ku Namitete mu 1959. Koma kutumiza nako kudayamba kalekale. David Kaunda adatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia mu 1904 kukalalikira ku Chinsali, n'kukhazikika komweko. Mwana wake Kenneth ndiye adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Chia, adakayamba ntchito ku Msoro, ku Zambia komweko, ndipo adamwalirako mu 1913. Mbusa T.C.B. Vlok adasamukira ku Salisbury (Harare ya lero) mu 1912 kutsatira Amalawi ogwira ntchito kumeneko, abusa ndi alaliki a kuno n'kumatsatira pambuyo, mpaka Sinodi ya Harare idabadwa mu 1965.

Lero opita achuluka. Anyamata olowa chipani cha White Fathers amayambira maphunziro ku Balaka, n'kukapitiriza ku Kasama, Nairobi, Abidjan kapena Kinshasa, ndipo akadzozedwa amatumidwa kudziko lina. Ansembe ena a dayosizi amabwerekedwa ku Ulaya ndi America kumene ansembe achepa, potsata kalata ya Fidei Donum imene Papa Pius XII adalemba mu 1957, yomwe poyamba idali yoitanira ansembe a ku Ulaya kubwera ku Africa. Palinso masisitere, abulazala, abusa a CCAP, a Adventist ndi a Pentekoste otumikira ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, komanso achinyamata a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza amene amapita zaka 2, kapena miyezi 18 akakhala atsikana. Onsewa tsiku lina amatsika ndege ku Lumbadzi kapena basi ku Lilongwe, nkhope italoza kumudzi.

Munthu wabwerera kumene kudagwera mchombo wake. Chingavute n'chiyani?

Mudzi umene adausunga mumtima kulibenso. Iye adanyamula mudzi wa tsiku limene adachoka: mtengo wa mango uli pabwalo, agogo ali pakhonde, mlongo wake ali sitandade 5. Pobwera apeza mtengo udaotchera njerwa, agogo adagona, mlongo uja ndi mayi wa ana anayi ndipo ndiye akulamula pakhomo. Msewu wa ku Kasiya ndi Santhe udathiridwa phula, njinga zamoto za kabaza zadzaza pa Nsaru, ndalama zikuyenda pa foni, amayi ali m'mabanki mkhonde, ndipo minda ina imene inkadziwika ndi fodya lero muli soya ndi mtedza.

Iyenso sali momwe adachokera. Adazolowera kudya pa nthawi yake, kutseka chitseko akafuna kuwerenga, msonkhano wa 9 koloko kuyamba 9 koloko. Popita adakonzekera kuti zonse zikakhala zachilendo, ndipo adaphunzitsidwa kudekha. Pobwerera palibe womukonzekeretsa, poti aliyense amangoti akupita kwawo. N'chifukwa chake kwa ambiri kubwerera kumapweteka kuposa kupita. Akatswiri awiri a ku America, John ndi Jeanne Gullahorn, adalemba za zimenezi mu 1963: wokhala kunja mtima umamugwa kawiri, koyamba akafika kwa eni, kachiwiri akabwerera kwawo. Owerenga Baibulo akumbukira Naomi. Atabwerera ku Betelehemu kuchokera ku Mowabu, amayi a m'mudzi adachita kufunsana ngati adali iyedi, mwini wake n'kukana ndi dzina lake lomwe.

Si zomwe zija ankakumana nazo a ku Wenela ndi ku Theba?

Zikufananako. Dera lino likudziwa bwino za amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Halale kudzera ku Wenela ndi Mthandizi, mpaka Kamuzu adaimitsa kaye za Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Ena ankabwera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yodzaza zitenje, ena ankatchona. Pamenepo mudzi udaphunzira kuti wochokera kunja amaonekera katundu, ndipo wobwera chimanjamanja ndiye kuti adadyera kumowa.

Apa ndi pamene mmishonale amapwetekera. Mudzi ukumuyeza ndi muyeso wa wa ku Joni, chonsecho iye sadapite kukasaka ndalama. Zimene adapata sizilowa m'sutikesi: chilankhulo chimene adachiphunzira ndi thukuta, tchalitchi chimene adamanga ndi anthu amene abale ake sadzawaona, odwala amene adatsirizikira m'manja mwake. Wa ku Joni amasiya abwana. Mmishonale amasiya anthu amene ankamutcha bambo kapena mayi wawo. Amafika ali ndi chisoni chosatchulika, pakuti ndani anganene kuti wapukwa kwa eni ali pakati pa abale ake?

Tsono akafika ayambire pati?

Ayambire ku maliro. Pamudzi wa Achewa ngongole yaikulu ya munthu amene adachoka si ya ndalama, ndi ya maliro amene sadakhalepo. Zaka zonsezo anzake ankagona panja pa siwa, ankasonkha ufa ndi nkhuni, ankanyamula bokosi, iye kulibe. Mwina adatumiza ndalama pa foni, mwina adachita Misa kapena mapemphero kutali komweko, ndipo zidathandiza. Koma mudzi umawerenga mapazi.

Njira yake akulu amaidziwa. Tsiku loyamba kapena lachiwiri mwinimbumba amuperekeze kwa a nyakwawa kukanena kuti mwana uja wabwera. Malonje akatha, wobwerayo akhale pansi, atsibweni kapena wamkulu wina amulongosolere amene adatisiya, mmodzimmodzi: adadwala chiyani, adathamangira naye kuchipatala chiti, adatsirizika tsiku liti, adagona pati. Asawadule pakamwa, ngakhale nkhaniyo adaimva kale pa WhatsApp. Amayi akayambanso kulira awaleke alire, naye alire. Maliro amene sudawaone sakalamba. Kenaka apemphe kwa mfumu kuti akaone manda, poti kumanda sikulowedwa chilowelowe, ndipo apite ndi omuperekeza. Masiku otsatira ayende khomo ndi khomo m'mabanja amene adaferedwa, achibale ndi anansi omwe, atanyamula chipepeso ngakhale chochepa: "Nabanda, pepani, ndidamva ndili kutali."

Ulendo umenewu utha kutenga masabata, ndipo wobwerayo angaone ngati akutaya nthawi. Koma yemwe wayamba ndi kuitanitsa msonkhano wa chitukuko asanapepese maliro, anthu adzabwera ndithu, adzaomba m'manja, mawu ake n'kupita ndi mphepo.

Nanga bwanji abale ena amaoneka ozizira, chonsecho tsiku lofika adavina?

Chifukwa kutumikira kwa mmodzi adakusenza ndi otsala. Pamene iye ankalalikira ku Tete kapena ku Bamako, padali mlongo wake amene ankasambitsa mayi awo, kugona pansi m'chipatala ku Namitete kapena kwa Kabudula, kugulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti. Padali mng'ono wake amene adalekera sukulu panjira kuti alime. Lero wobwerayo akuyaliridwa mkeka watsopano n'kupatsidwa nthutumba, iwo ali kumoto, utsi uli m'maso.

Mankhwala ake ndi kuthokoza kotchula zinthu, pamaso pa anthu: "Alongo anga, mudasunga amayi ine kulibe. Ntchito ndidagwira kunja ija, theka ndi yanu." Ndipo asafikire kukonza zinthu. Kufunsa kuti denga likudontheranji, mwana uyu sali pasukulu bwanji, odwala mudapitiranji nawo kwa sing'anga, ngakhale kuchokere pa chikondi, kwa wotsala kumamveka ngati mlandu. Ulamuliro wa pakhomo udapita kwa amene adalipo. Wobwerayo angakhale ndi chisamba m'banjamo, mawu ake adzayamba kulemera pang'onopang'ono, akayamba kusenza nawo.

Ayankhe bwanji opempha ndalama?

"Mwatitengera chiyani?" ndi moni chabe, sopo kapena paketi ya shuga imayankha. Zolemera zimadza pambuyo: fizi, feteleza, malata, mpamba wa geni. Anthu amawerengera kuti wokhala kumene kuli madola sangakhale wopanda kanthu. Koma sisitere kapena wansembe amene adachita malumbiro a umphawi alibe chuma chakechake, ndipo galimoto imene akuyendera ndi ya chipani. Mbusa amene ankatumikira Amalawi ovutika ku Mbare kapena m'midzi ya ku Angonia mwina ankalandira zochepa kuposa mnzake wa mumzinda wa Lilongwe.

Wobwerayo naye asanamizidwe ndi manambala. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adachoka K1,000 ili ndalama yaikulu kwambiri ya pepala apeza K5,000, imene idatuluka mu 2022, ikutha pamsika jumbo isanadzaze. Zimene akuti amangira nyumba zitha kuthera pa maziko.

Chothandiza ndi kunena zoona msanga, kamodzi, pamaso pa mwinimbumba ndi akuluakulu: ndili ndi zakuti, chakuti ndingathe, chakuti sindingathe. Kusankha chinthu chimodzi n'kuchifikitsa, monga fizi ya mwana mmodzi mpaka amalize Fomu 4, kumaposa kumwaza timakobidi kwa aliyense. Achenjere ndi mawu akuti "tiona". Kwa wonena ndi kukana mwaulemu, kwa womva ndi lonjezo, ndipo adzabwera kudzalitenga.

Munda umene adausiya angautengenso?

Munda sudikira munthu. Mwa mwambo wa Achewa malo amayenda ndi mbumba, kutsata kuchikazi, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba pansi pa mfumu. Gawo limene munthu adasiya silingakhale tsala zaka khumi, makamaka kuno kumene anthu achuluka pamene nthaka ndi yomwe ija. Wina adalilima, adathiramo manyowa, mwina adabzalamo mitengo kapena kumangapo nyumba. Mwamuna amene adalowa chikamwini asanapite, polima pake ndi kwa mkazi wake; amene adachita chitengwa nkhani yake ndi ina.

Asayambe ndi kuzula zikhomo kapena kuthamangira kukhoti. Afunse atsibweni, nkhani ikambidwe pabanja. Ikakanika ipite kwa nyakwawa, kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu monga Kalolo, Kabudula kapena Khongoni. Wolimayo auzidwe nthawi ilipo, akolole kaye. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yolembetsera malo otere kudzera m'makomiti a m'midzi, ndipo amene wagula kapena kupatsidwa malo achite zonse molemba, mboni zilipo. Ansembe ndi masisitere ambiri funsoli siliwakhudza, poti amakakhala kunyumba za chipani kapena za dayosizi, kumudzi n'kumangodzacheza. Komabe ndi bwino anene poyera kuti gawo lawo alisiyira yani, lingadzayambanitse ana a alongo awo.

Kumpingo ndiye sikungavute. Si kwawo kwenikweni kumeneko?

Lamulungu loyamba sikuvuta. Adzamuimika kutsogolo kuti apereke moni, mwina alalikire. Kenaka adzaona kuti mpingo udayenda popanda iye. Kwaya ili ndi nyimbo zina, akulu a mpingo ndi ana amene iye adawaphunzitsa Sande sukulu kapena katekisimu, amayi a Chigwirizano ali ndi atsogoleri awo, mphakati uli ndi wapampando wake. Yemwe kunja ankayendetsa parishi ya matchalitchi makumi awiri atha kupezeka ali wothandizira, kapena akudikira miyezi kuti sinodi kapena episkopi amuuze kopita.

Abwere ndi kalata yochokera kumene ankatumikira, aipereke kwa oyenera, ndipo ngati si wodzozedwa alowe mu mphakati kapena m'dera la mkulu wa mpingo monga mkhristu wina aliyense. Mawu oti awasamale ndi akuti "kumene ndinali timachita chonchi". Akanenedwa kamodzi ndi nzeru, kachitatu ndi chipongwe. N'zoona kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kathwe chotani, sumeta munthu amene sadakhale pansi.

Ena kubwerera kumawaonjezera katundu: Ambuye George Tambala adatumikira kulikulu la chipani cha Akarimeli ku Rome asanasankhidwe kukhala episkopi wa Zomba mu 2015, kenaka arkiepiskopi wa Lilongwe mu 2021. Ena amapeza mpando uli ndi mwini. Ambuye Patrick Kalilombe, Mmalawi woyamba m'chipani cha White Fathers, adadzozedwa unsembe mu 1958, adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, ndipo ndi iwo adalimbikitsa miphakati imene lero ili m'midzi ya ku Nambuma ndi Namitete. Boma la nthawi imeneyo lidaikayikira miphakatiyo, iwo n'kutuluka m'dziko mu 1976. Adakaphunzira ku America, n'kukaphunzitsa zaka zambiri ku Birmingham. Atabwerera m'zaka za m'ma 1990 sadakhalenso pampando wa ku Lilongwe. Adakagwira choko ku Chancellor College ku Zomba, ndipo adamwalira mu 2012 ali m'dziko lawo. Mpando udapita, koma ntchito sadaisowe.

Nanga za gule wamkulu ndi miyambo ina achite nazo bwanji?

Dera lino ndi kuchimake kwa gule. Kukokana kwa mipingo ndi dambwe n'kwakale, ndipo kudafika povuta m'zaka za m'ma 1920 pamene sukulu za mishoni zinkalimbirana ana ndi eni mzinda. Mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake pankhaniyi, monga a Sinodi ya Nkhoma ali nawo m'Zolamulira, ndipo wobwerayo awatsate. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene adatha zaka akuphunzira modzichepetsa miyambo ya Abemba, Amakua kapena Adogoni a ku Mali, amafika kwawo n'kupsa mtima akamva ng'oma kwa atsibweni ake. Ulemu umene adapatsa eni dziko kunja, abale ake nawo akuuyenera.

UNESCO idazindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo ku Mua Bambo Claude Boucher Chisale adatsegula malo a Kungoni mu 1976 pofuna kuti chikhristu ndi chikhalidwe cha kuno zilankhulane. Kupepesa maliro a mbale wa kudambwe sikulowa gule. Akakumana ndi chilombo panjira apatuke monga achitira aliyense. Akaitanidwa ku kumeta kapena ku chiliza, afunse abusa kapena bambo mfumu kuti angafike pati, ndipo abale ake awauze yekha, mwaulemu, asanamve kwa ena.

Chichewa chake chikumveka chachilendo. Kodi ndi kunyada?

Kawirikawiri ayi. Lilime limachita dzimbiri. Munthu amene wakhala zaka akupemphera ndi kulota m'Chifalansa, Chipwitikizi kapena Chiswahili amapeza mawu a eni akutsogola pakamwa, ndipo zimatha pa miyezi yochepa. Achite zomwe adachita kunja: amvetsere kwambiri, alole kusekedwa, awerenge mokweza Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, azikhala ndi okalamba. Choposa mawu ndi ulemu wake: kuitana akulu ndi mfunda wawo, aPhiri, aBanda, Nankhoma, kulandira ndi manja awiri, kusalonjera wamkulu uli chiimire, kusafunsa kuti "mumafuna chiyani?" kwa munthu amene wangobwera kudzakhala nawe.

Kwa abusa obwera ndi banja, amayi ndi ana zimawakhudza bwanji?

Ana ndiwo amavutika koposa. Kwa bambo ndi mayi uku ndi kubwerera. Kwa mwana wobadwira ku Harare kapena ku Nampula uku ndi kusamuka, kwawo ndi kumene wachokako. Anzake amamuseka kalankhulidwe, sadziwa kusenza ndowa, sadziwa kuti msuweni ndi uti, mbale ndi uti. Makolo asamukalipire kuti kuno ndiye kwanu. Amupatse nthawi, amulole kulankhula ndi anzake amene adawasiya, amupezere msuweni wa msinkhu wake woti azimuyendetsa. Za sukulu zikonzedwe asanafike: chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, mayeso a MANEB a sitandade 8 ali ndi pepala la Chichewa, ndipo mwana wochokera kusukulu ya Chipwitikizi angafunike kubwereza kalasi.

Amayi busa nawo adasiya anzawo, mwina ndi ntchito yomwe. Pano akuyembekezeka kukhala mtengwa wa pamudzi, kapena kutsogolera amayi amene sakuwadziwa. Anthu onse amafunsa abusa kuti mwayenda bwanji. Pakhale wina wofunsa amayiwo.

Pa za thanzi asamale chiyani?

Malungo. Mphamvu yolimbana nawo imene munthu wokulira kuno amakhala nayo imachepa akakhala zaka kumalo kopanda malungo, monga ku Ulaya. Ambiri amati "ine ndine wa konkuno" n'kugona popanda neti, malungo n'kuwagwetsa koopsa. Ana obadwira kumalo otero ndiye alibiretu mphamvuyo. Agone m'neti kuyambira usiku woyamba, ndipo thupi likatentha akayezetse tsiku lomwelo ku St Gabriel, kwa Kabudula, ku Nambuma kapena kuchipatala chilichonse chapafupi. Madzi a pachitsime aziwiritsa kapena kuthira mankhwala. Amene akumwa mankhwala a shuga kapena a BP abwere ndi okwanira miyezi ingapo pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Palinso za mumtima. Kusowa tulo, kukwiya msanga, kulota kumene adachoka ndi kudziona wopanda ntchito zimachitika miyezi yoyamba. Koma zikapitirira, munthu n'kumadzitsekera m'nyumba, kusiya kudya, kulowerera mowa kapena kulankhula zofuna kufa, amenewo ndi matenda, ndipo pasakhale womunena kuti chikhulupiriro chamuthera. Achenjere kwambiri amene adaona nkhondo, monga ku Cabo Delgado, kummawa kwa Congo kapena ku South Sudan. A St John of God ali ndi malo othandizira matenda a maganizo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo chipatala chapafupi chitha kumulozera kopita.

Ndi mapepala ati ofunika kukonza msanga?

Yemwe adachoka chisanafike chaka cha 2017 mwina alibe chiphaso cha unzika cha NRB, ndipo popanda icho n'kovuta kulembetsa nambala ya foni, kutsegula akaunti kubanki kapena kulowa m'kaundula wa zipangizo za ulimi zotsika mtengo. Ayambe ndi chimenecho. Masatifiketi a kunja akawaonetse ku NCHE kuti awayerekeze ndi a kuno. Namwino kapena dokotala alembetse kubungwe la anamwino ndi azamba kapena la madokotala asanagwire wodwala. Wotumiza katundu afunse ku MRA asanapakire, poti pali ndondomeko ya Amalawi obwerera kwawo. Makalata a kubadwa ndi a ubatizo a ana obadwira kunja asatsale.

Mudzi ndi mpingo umene udamutuma uchitepo chiyani?

Choyamba ndi kumumvera. Buku la Machitidwe limasimba kuti Paulo ndi Barnaba atabwerera ku Antiokeya adasonkhanitsa mpingo umene udawatuma, n'kuufotokozera zonse, kenaka adakhala nawo nthawi ndithu. Ife timakonda kufunsa kuti "kunali bwanji?" n'kutembenuka asanayankhe. Mpingo upatule tsiku loti afotokoze, aonetse zithunzi, atchule maina a anthu amene adawasiya, onse awapempherere pamodzi.

Kenaka apume. Asamuunjikire maudindo mwezi woyamba, kapena kumusandutsa mlembi wa makalata opempha thandizo kwa azungu. Amupezere mnzake mmodzi, wamkulu wodekha kapena wina amene adabwererapo kale, woti azimunong'oneza: awa adasiyana, nkhani iyi musaiyambe, uja munkamutuma madzi ndi mfumu tsopano. Safunsa adadya phula, koma wofunsa naye amafuna womuyankha. Sinodi, dayosizi kapena chipani chimene chidamutuma chisamutule pabwalo la ndege n'kusamba m'manja; chikonzeretu za pokhala, za kuchipatala ndi za ukalamba wake.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo adzadziwa bwanji kuti wakhazikika?

Asadziweruze asanaone nyengo zonse: kusosa, kubzala ndi mvula yoyamba, kupalira, njala ya mu Febuluwale, masika, mpaka chisanu cha mu Juni. Mudzi umadziwika ndi chaka chathunthu. Pobwera pa tchuthi paja ankaupeza utavala za kutchalitchi. Asadikirenso kuti aiwale kumene adatumikira. Anthu aja adzakhalabe ake, ndipo mudzi umene wamulandira wapeza abale kutali.

Zizindikiro zake ndi zazing'ono. Tsiku lina adzafika pakhomo pa mlongo wake, palibe wothamangira mpando, wina n'kungomusendera pamkeka. Adzamupatsa nsima ya mgaiwa ndi therere popanda wopepesa. Atsibweni adzamudzudzula pagulu osasankha mawu. Ndipo usiku wina kudzamveka kugogoda pazenera, mawu a mnyamata wa mfumu: "Akulu, kwagwa zovuta kwa aMbewe, tiyeni." Sadzamufotokozera kuti aMbewe ndi ati, kapena njira yake ndi iti. Iye adzatenga chikhoti ndi tochi, n'kutuluka.